Ndinafufuta Chigoli Pofuna Kubisa Manyazi a Amuna Anga

Inu owerenga, amuna anga anamwalira chifukwa cha chinthu chimene ndinachita ine ndi chala chimodzi. Sindinawatukwane, sindinawathire mankhwala, ndipo pa zaka zonse za ukwati wathu sindinawayankhepo mwano pamaso pa anthu. Ndinkafuna kuwalemekeza. Ndaona kuti ndinene zonse mwa ndondomeko yake, kuti wina asadzachite zimene ndinachita ine.

Ndinabadwira mu komboni ya pa pulazi ina ya fodya kufupi ndi tauni ya Mvurwi, kumpoto kwa Harare, ndipo ndikukhalabe momwemo. Agogo athu anabwera wapansi kuchokera ku Dedza, ine dziko la Malawi ndimangolimva. Sukulu ndinalekeza giredi faifi. Amuna anga, a Banda, ntchito yawo inali yowotcha fodya m'mabani, koma anthu ankawadziwa kwambiri ndi mpira. Lamlungu lililonse masana ankavala kabudula wakuda, n'kukoleka wezulo m'khosi, n'kukaimbira mpira wa mapulazi. Ankangowatchula kuti a Refa. Ankawakhulupirira kotero kuti ngakhale timu ya kwathu ikamasewera, alendo ankapempha okha kuti aimbire iwowo.

Tsidya lina la damu kuli komboni ina imene timangoiti Kudamu. Anthu ake ndi anzathu, makolo awo ndi athu anayenda njira imodzi. Timakwatirana, timagaya ku chigayo chawo, koma pa mpira sitigwirizana. Kale mkangano wa mpira unkathera pabwalo pomwepo. Wezulo womaliza akalira, matimu onse awiri ankamwa mahewu, chakumwa chonga thobwa, m'chidebe chimodzi, wina n'kunena kuti a Refa lero munatibera, onse n'kuseka. Pofika Lachiwiri nkhani inali itaiwalika, chifukwa panalibe amene akanaibwereza kuti tiionenso.

Zinthu zinayamba kusintha pa shopu ya Abiti Saidi, mayi wachisilamu amene amagulitsa mu komboni mwathu. Iwo anaika TV ya sola pakhonde, ndipo amuna ankadzazana kuonera mpira wa kunja. Kumeneko n'kumene anaona woimbira akujambula bokosi m'malere ndi zala, n'kuthamangira pambali pa bwalo kukaonanso chithunzi, kenako n'kusintha chigamulo. Amati VAR. Chaka chimenecho, fodya atagulitsidwa, panakonzedwa mpikisano wolimbirana ng'ombe, ndipo a komiti anati nafenso tikhale ndi VAR yathu. Anagwirizana kuti pa golo iliyonse paime munthu ndi foni, azijambula mpira ukafika pafupi. Pakakhala kukayika, a Refa aziimitsa masewero n'kupita kukaona.

Anati foni zigwiridwe ndi amayi, poti amuna onse ali ndi mbali. Anasankha Abiti Saidi ndi ine, wina wa ku mzikiti wina wa ku tchalitchi, akuti ndife osanama. Panalibe anafunsa ngati n'kwanzeru kuti mkazi aziunika ntchito ya mwamuna wake. Nanenso sindinafunse. Ndinakondwa kuti andiona.

A Banda nkhaniyi anailandira bwino. Ndikukumbukira tsiku lina akupopa njinga panja anati, “Mayi a Chisomo, maso angawa akukalamba. Foni imeneyo izindithandiza. Mukaona ndaphonya, mundionetse.” Ine ndinaseka, ndinayesa nthabwala. Inu owerenga, munthu akamakuuzani chimene akufuna, muzimva.

Mpira womaliza unali wa ife ndi a Kudamu, pa bwalo lathu, m'mwezi wa Ogasiti. Kunali mphepo ya fumbi ndi utsi wa moto wolusa m'tchire. Mizere ya bwalo lathu timalemba ndi phulusa la m'mabani, ndipo magolo ndi mitengo ya bulugamu yopanda ukonde. Pofuna kuti pasakhale chinyengo, ine anandipatsa foni ya kalaliki wa Kudamu, Abiti Saidi anawapatsa ya kwathu. Ndinaima pambali pa golo imene timu yathu inkatchinga m'chigawo chachiwiri.

Tinkatsogola ndi chigoli chimodzi. Kutatsala mphindi zochepa, Maliko, womwetsa zigoli wa Kudamu, bambo wa ana atatu, anamenya mpira wamphamvu. Unagunda kunsi kwa mtengo wa pamwamba, unagwa pansi, unadumphira kunja, goloboyi wathu n'kuugwira. A Banda anali patali, fumbi lili tolo. Anakupiza manja kuti si chigoli. Bwalo lonse linaphulika. A Kudamu anayamba kujambula mabokosi m'malere, akukuwa kuti foni, foni. A Banda anaimba wezulo, anajambula bokosi nawonso, n'kuyamba kuyenda kubwera kwa ine.

Lamulo linali loti ndizimitse kujambula n'kudikira. Ine sindinadikire. Ndinatsegula n'kuona ndekha. Mpira unagwa mkati, kuseri kwa mzere wa phulusa, pamtunda woposa chikhatho changa. Kafumbi kake kanaoneka bwinobwino. Chinali chigoli.

Nthawi imeneyo anthu anali atandizungulira chapatali pang'ono, ndipo amuna oledzera anayamba kukuwa. Wina anati, “Lero tiona wolamula pakhomo pa a Banda!” Wina anati, “Mai Banda, avuleni kabudula mdala wanuyo, tione!” Anthu anaseka, ngakhale a kwathu omwe. Ndinayang'ana amuna anga akubwera, imvi zili mbuu ndi fumbi, thukuta likutsika. Ndinakumbukira zimene anankungwi anandilangiza ndikulowa m'banja, kuti mwamuna savulidwa pagulu, cholakwa chake umamuuza kuchipinda. Mwana wanga Chisomo anali atandiphunzitsa kufufuta zithunzi pa foni yanga. Ndinaona kachithunzi ka bini kofufutira kaja, ndinakadina.

Atafika anatambasula dzanja, anati tione. Ine ndinati sinajambule. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenuka, anaimba wezulo kuti mpira upitirire. Timu yathu inapambana, ndipo ng'ombe inaphedwa tsiku lomwelo.

A Kudamu sanamenye munthu, sanatukwane. Chimenecho ndicho chinandiopsa. Chidebe cha mahewu chinabwera, iwo sanachiyang'ane n'komwe. Kalaliki anatenga foni yake m'manja mwanga osandipatsa moni, ndipo onse anatsika njira ya ku damu mwakachetechete, popanda nyimbo. Nyama ya ng'ombe ija anatipatsa mwendo, ine ndinalephera kudya.

Lachitatu m'mawa ndikusesa, anabwera Abiti Saidi. Anandikokera m'nyumba, anatseka chitseko, anati, “Mnzanga, mwachita chiyani?” Ine sindinkadziwa kuti foni zinazi zimasunga zofufutidwa pamalo ena kwa masiku ambiri. Kalaliki uja anakaipeza vidiyo ija, ndipo inali itafika kale pa foni iliyonse m'mapulazi onse ozungulira. Wina anali ataichedwetsa kuti mpira uzigwa pang'onopang'ono, n'kuuzunguliza ndi mzere wofiira. Koma choopsa sichinali mpira. Anali mawu anga. Pamene mpira unagwa, ndinakuwa osadziwa kuti, “Mayo, chalowa!” Mawuwo anamveka bwino kwambiri, poti pakamwa panga ndi pamene panali pafupi ndi foni.

A Banda atabwera masana kuchokera ku nazale ya fodya, ndinagwada n'kuwauza zonse. Anapempha foni ya Abiti Saidi, anaonera katatu. Anati, “Ichi ndi chigoli. Ndikanapereka. Nanga tinakuimikirani chiyani pamenepo?” Ndinawauza za amuna ankakuwa aja. Anapukusa mutu, anati, “Zaka zonsezi anditukwanira mayi anga pabwalo, ndinafa? Mumandiyesa munthu wotani?” Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandimenya.

Madzulo ake anapita kwa a komiti n'kukanena kuti iwo ndi amene anandipatsa chizindikiro ndi maso kuti ndifufute. Linali bodza, ndipo linali bodza loyamba limene ndinawamvapo akunena pa nkhani ya mpira. Atabwera anandiuza kuti ine ndimapita ndekha ku chigayo cha Kudamu, ndimatola nkhuni kufupi ndi damu, ndiye mkwiyo wa anthu uli bwino upite kwa iwo. Anandiletsa kutsutsa. Inu owerenga, apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri. Ndinavomera. Ndinadziuza kuti ndikumvera amuna anga, koma zoona zake n'zakuti ndinkaopa.

Kuyambira pamenepo vidiyo ija sinatipatse mpumulo. Mkangano umene kale ukanatha ndi chidebe cha mahewu unkadzuka m'mawa uliwonse ngati wachitika dzulo. Anthu amene sanabwere n'komwe ku mpira anali ndi mkwiyo woposa wa osewera. Ena anayamba kunena kuti ngati a Refa anachita izi, ndiye kuti akhala akubera anthu zaka zonse, n'kumakumbutsana mipira yakalekale. Ndikalowa pa chigayo, amayi ankasiya kulankhula. Tsiku lina mu kombi, minibasi yopita ku Mvurwi, foni ya munthu wina inaitana, ndipo m'malo mwa nyimbo ndinamva mawu anga, mayo chalowa, mayo chalowa. Mwini wake anaisiya ikulira akundiyang'ana. Panalibe anaseka.

Sabata yachiwiri ndinatsegula chitseko m'mawa n'kupeza mzere wa phulusa utalembedwa pakhomo pathu, wowongoka bwino, kuchokera pa ngodya ina ya nyumba kufika pa inzake. Silinali phulusa la m'khitchini, linali loyera lija la m'mabani. Ndinaima osaudumpha. A Banda anatuluka, anauyang'ana, anatenga tsache n'kusesa okha. Patapita masiku awiri unalembedwanso. Galu wathu sanauwe masiku onse awiriwo, ndiye ndinadziwa kuti wolembayo ndi munthu amene galu amamudziwa.

Ndinawapempha kuti tipite kaye kwa Chisomo ku Harare mpaka anthu ataziziritsa mitima. Anakana. Anati wothawa ndiye kuti wavomera kuti anali wakuba kuyambira kale, komanso mbande za fodya sizidikira munthu.

Kenako mu komboni mwathu munachitika maliro a mkulu wina. Kuno kuli mwambo umene makolo athu anaika atangofika, poti analibe abale pafupi. Maliro akagwa kwathu, adzukulu okumba manda amachokera Kudamu. Akagwa Kudamu, amakakumba ndi a kwathu. Munthu sakumbira m'bale wake. Uthenga unatumizidwa monga mwa nthawi zonse. Tinadikira m'mawa wonse, makasu ndi mapiki zili pansi pa mtengo. Dzuwa linafika pamutu, panalibe anabwera. Mapeto ake ana a malemu anavula malaya n'kukumba okha manda a bambo awo, akulira. Chiyambire komboni yathu zimenezi zinali zisanachitikepo. Pobwera ku manda palibe analankhula ndi a Banda, ndipo anthu ankawapatukira m'njira ngati anyamula matenda.

Akuluakulu anawaitana n'kuwauza kuti mwathyola ndinu, kalumikizeni ndinu. A Banda sanatsutse. Anati Lamlungu akatuluka m'tchalitchi apita Kudamu ndi nkhuku kukapepesa. Abiti Saidi atamva anabwera kudzawachenjeza. Anati, “Achimwene, Lamlungu ndi tsiku la mowa. Pitani Lachiwiri m'mawa, ndipo mutenge akulu awiri.” Iwo anayankha kuti Lamlungu ndi pamene anthu onse amapezeka, ndipo wopepesa sapita ndi gulu ngati akukachita nkhondo.

Tsikulo litafika ndinawagwirira tambala, ndinamumanga miyendo, iwo anamuika mu dengu kumbuyo kwa njinga. Ndinati ndipite nawo ndikanene zoona. Ndinanena kamodzi kokha, ndi mawu apansi. Atati ayi, khalani, mumtima mwanga ndinamva kupepuka. Chimenechi sindinauzepo munthu mpaka lero. Ndinaima pakhomo n'kuwaona akutsetsereka, malaya oyera a ku tchalitchi akufufuma ndi mphepo, mpaka analowa m'mitengo ya bulugamu.

Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi Maliko, mwini chigoli uja. Akuti a Banda anakhala pansi pamaso pa akulu a Kudamu, anavula chipewa, anati chinali chigoli, ndinalakwa, ndipo wezulo ndasiya. Akuluwo analandira nkhuku. Anagwirana chanza, anagwirizana kuti mpira udzabwerezedwa ndipo adzukulu ayambiranso kuyenderana. Nkhani inatha bwino. Koma amene anali pa bwalo la akulu anali anthu ochepa. Ambiri anali ku mowa, ndipo kumeneko foni inkayenda dzanja ndi dzanja.

Maliko akuti anakayikira ataona amuna ena akunyamuka pa mowa n'kulowera njira ya ku damu. Anathamangira kunyumba kukatenga njinga kuti awaperekeze a Banda, koma anapeza tayala laphwa. Anapita wapansi. Anawapeza m'mitengo muja, dzuwa likadali pamwamba, atagona chammbali pafupi ndi njinga yawo, mutu uli magazi okhaokha. Maliko yemweyo ndi amene anakabwereka ngolo, ndi amene anawanyamula, ndi amene anafika pakhomo panga malaya ake atafiira. Anangoti, “Amayi, tengani bulangete.”

Kuchipatala anakhala masiku awiri. Anatsegula maso kamodzi. Ndinawauza kuti ndikanena zoona kwa anthu onse, iwo anagwedeza chala kukana. Lachiwiri m'mawa anatisiya.

A Kudamu anabwera kudzakumba manda, ambiri kuposa amene amafunika. Ine ndinkayang'ana manja awo, osadziwa kuti ndi ati anagwira khasu lokha ndi ati anagwiranso chibonga. Patapita masiku apolisi anatenga amuna anayi. Awiri mwa iwo sanaonere n'komwe mpira uja. Mmodzi anali kutali, ku tauni ya Centenary, tsiku la mpiralo, zonse anaziona pa foni, mobwerezabwereza, kwa masabata atatu. Onse anayi ali ndi akazi ndi ana, ndipo akazi awo ndimakumana nawo pa chigayo.

Chinsinsi ndinachisunga mpaka tsiku la kumeta, pamene abale ndi akulu a makomboni onse awiri anasonkhana. Ndisanametedwe ndinapempha kulankhula. Ndinati a Banda sanandipatse chizindikiro chilichonse, sankadziwa kanthu, ndinafufuta ndekha, ndipo iwo anasenza mlandu wanga. Alamu anga, mlongo wawo wa malemu, ananyamuka n'kutuluka, ndipo mpaka lero sandiyankha moni. Sindiwaimba mlandu. Chisomo analira kwambiri, anandifunsa chifukwa chimene ndinadikirira kuti bambo ake afe kaye. Mkulu wina wa Kudamu anati akanadziwa kuti ndi mayi amene anachita mantha pagulu, nkhani ikanatha ndi kuseka. Kaya ankanena zoona kaya ankangodzitonthoza, sindikudziwa. Koma mawu amenewo amandilasa kuposa kutukwana.

Mpira m'mapulazi athu unaima chaka chathunthu. Tsopano wayambiranso, ndipo ndamva kuti ena akufuna kubwezeretsa foni pa magolo. Sindikuletsa. Foni ija sinaname, ndinanama ndine. Koma inu a makomiti, mverani mayi amene waika mwamuna wake m'manda. Musapatse foni mkazi wa woimbira, kapena mwana wake, kapena m'bale wa wosewera aliyense, ngakhale atakhala wopemphera chotani. Musamuike munthu pamalo oti asankhe pakati pa choonadi ndi wa m'nyumba mwake, gulu likukuwa. Ndipo ngati mwati chithunzi chionedwe, chionedwe pomwepo, makaputeni onse awiri ali pomwepo, nkhani ithe dzuwa lisanalowe. A kunja aja amene mumawaonera pa TV ali ndi mipanda ndi apolisi, ndipo woimbira akamaliza amakwera galimoto n'kupita kutali. Wa kuno amabwerera pa njinga, yekha, kudutsa pakhomo pa amene wawakhumudwitsa.

Inu amene mumalandira mavidiyo otere n'kumatumiza kwa ena, dziwani kuti simudziwa amene adzaonere komaliza, kaya adzakhala atamwa zingati, kaya m'manja mwake mudzakhala chiyani. Inunso abambo amene mumakuwa zonyoza pabwalo kuti anzanu aseke, mawu anu amagwera m'makutu a anthu ofooka ngati ine.

Koma kwenikweni ndikulankhula ndi inu amayi anzanga. Malangizo amene tinalandira si oipa, koma anatiuza kuti tizibisa manyazi a mwamuna, sanatiuze kuti tiziyamba tadziwa chimene iye amachita nacho manyazi. Ine ndinakhala ndi munthu zaka zonsezo osadziwa kuti kusekedwa sankakuopa, ankaopa kutchedwa wakuba. Ndikanangotambasula dzanja n'kuwapatsa foni ija, akanaona, akanaloza pakati pa bwalo, anthu akanawaseka pang'ono, mwina iwonso akanaseka nawo. Tikanabwerera kunyumba limodzi, iwo akukankha njinga, ine pambuyo pawo.